Kalata Yofunsa za Mseu

Palibe nkhani imene anthu a m'dziko la Lundazi amaikamba kawirikawiri kuposa nkhani ya mseu. Amaikamba pamaliro, pamowa, pamsika ndi pakhomo la chalichi. Amaikamba mwezi wa January matope atafika m'maondo, naikambanso mwezi wa September pfumbi litayeretsa mitu ya onse okwera pa lole. Aliyense adziwa pamene pali dzenje lalikulu, ndi dambo limene galimoto imagonapo, ndi kamtsinje kamene kanakokolola ulalo wace. Koma munthu akafunsa kuti, "Kodi woyenera kukonza mseu umenewu ndani, ndipo anati adzaukonza liti?" pabwalo pamangoti zii, kufikira wina ayankha kuti, "Ndi a Boma." Yankho limeneli ndi loona, koma lithandiza pang'ono, pakuti Boma lili ngati mudzi waukulu wa makomo ambiri, ndipo mlendo wosadziwa khomo limene afuna angathe kuzungulira kufikira dzuwa litalowa.

Kudandaula ndi kufunsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wodandaula amapepuza mtima wace, napita kukagona. M'mawa mwace dzenje lija lili pomwepo. Wofunsa amasankha khomo, nagogoda, nanena cimene afuna kudziwa, nadikira yankho limene angathe kulisunga ndi kulionetsa kwa anzace. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Midzi yambiri yakhala zaka ndi zaka ndi mseu wakufa, osafunsa ngakhale kamodzi ngati dzina la mseuwo linalembedwa m'buku lina lililonse la khonsolo.

Mtengo wa mseu woipa

Dziko la Lundazi ndi nkhokwe yaikulu. Anthu ace amalima cimanga, nshawa, thonje, fodya, soya ndi mpendadzuwa, ndipo mbeu zambiri zimene zimadyetsa anthu a m'matauni zimacokera kumeneko. Mseu waukulu wocokera ku Chipata, utali wace pafupifupi makilomita 180, ndi wa tara. Koma cimanga sicimera patara. Cimamera m'minda ya kutali, kumene kumafika timiseu ta dothi todutsa m'madambo ndi m'timitsinje, ndipo mlimi amapindula kapena kutaya pa timiseu timeneti.

Wogula mbeu amene afika ndi lole yace kumudzi wa mseu woipa sacita zimenezo mwa cifundo. Amawerengera mafuta, ndi matayala, ndi zitsulo zimene zidzathyoka panjira, ndipo zonsezo amazicotsa pa mtengo wa thumba. Motero alimi awiri a khasu limodzi ndi thukuta limodzi amalandira ndalama zosiyana, wina cifukwa akhala pafupi ndi tara, wina cifukwa pakati pa iye ndi msika pali dambo. Feteleza wofika mvula itagwa kale amaima kutsidya kwa mtsinje, cimanga cili kucita cikasu m'munda. Mphunzitsi wotumizidwa kusukulu ya kumeneko amayamba kupempha kusamutsidwa asanamasule katundu wace. Coposa zonse ndi ici: mai wapakati amene nthawi yace yafika usiku amanyamulidwa pa ngolo ya ng'ombe, cifukwa ambulansi yabwerera pa ulalo wogumuka, ndipo anthu a kumudzi adziwa bwino kuti maulendo ena otere amathera panjira. Anthu a kucigwa ca Luangwa, kwa Kazembe, kwa Chitungulu ndi kwa Mwanya, amadziwa zimenezi koposa onse, popeza mitsinje yotsika kumapiri ikadzala, njira zao zimabvuta miyezi yathunthu.

Kale ndi lero

Nkhalamba zikumbukira nthawi imene mwini wace wa mseu anali wodziwika kwa aliyense. M'masiku a Atsamunda, mvula ikakata, uthenga unali kucokera kwa Bwana D.C. kupita kwa mfumu, kucokera kwa mfumu kupita kwa nyakwawa, ndipo mudzi uliwonse unali kuturuka ndi makasu ndi nkhwangwa kukalambula cigawo cace. Mesenjala wa ku Boma anali kuyendera, ndipo mudzi waulesi unali kuyankha mlandu. Lamulo la m'caka ca 1929 linapatsa mafumu mphamvu ya kulamulira maiko ao pansi pa Boma, ndipo la m'caka ca 1936 linawapatsa matumba a ndalama, mmene munali kulowa gawo la msonkho. Kucokera m'matumba amenewa anali kulipira akalaliki ndi akapaso, ndi kukonza timaulalo ndi timiseu tina. Nyumba ya alendo yooneka ngati linga, imene Bwana Errol Button anamangitsa pa Boma la Lundazi kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndi mboni ya masiku amenewo, pamene ulendo wocokera ku Fort Jameson unali wotopetsa kotero kuti munthu anafunika pogona asanapitirire.

Koma m'masiku amenewo munthu wamba analibe mau. Anali kukhoma msonkho ndi kulambula mseu, ndipo kukaima pakhomo la ofesi ndi kufunsa kuti ndalama za msonkho zagwira nchito yanji kukadayesedwa cipongwe. Mantha amene nkhalamba zina zili nao pa ofesi anabadwa nthawi imeneyo, ndipo sayenera kusekedwa.

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, zinthu zinasintha kangapo. Lamulo la m'caka ca 1965 linacotsa ulamuliro uja m'manja mwa mafumu, niliupereka kwa makhonsolo a kumidzi osankhidwa ndi anthu. La m'caka ca 1980 linaika khonsolo ya boma lililonse pansi pa Kazembe wa Boma wosankhidwa ndi Mtsogoleri wa dziko. La m'caka ca 1991 linabwezera anthu mphamvu ya kusankha makhansala ao. Kuyambira m'caka ca 2016 anthu amasankhanso okha Wapampando wa Khonsolo, ndipo mafumu osapitirira atatu amakhala m'khonsolo kuimira anzao. Cotero zinthu zatembenuka: kale munthu anadziwa mwini mseu koma sanaloledwe kufunsa, lero aloledwa kufunsa, koma kawirikawiri sadziwa wofunsidwa.

Mseu uliwonse uli ndi mwini wace

Miseu ya m'Zambia inagawidwa m'magulu, ndipo yaikulu ili ndi cilembo ndi nambala. Ya cilembo T ndiyo misana ya dziko, monga T4, wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata ndi kumalire a Malawi. Ya cilembo M ndiyo ikuluikulu yolumikiza maboma, monga M12, wocokera ku Chipata kufika ku Lundazi. Pambuyo pace pali ya cilembo D, monga wopita ku Chama, ndipo pansi pa yonseyi pali miseu ya kumidzi ndi ya m'kati mwa tauni.

M'caka ca 2002 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Road Development Agency kuti liziyang'anira miseu ya dziko, ndi lina la National Road Fund Agency kuti lizisunga ndalama zace. Ndalamazo zimacokera ku msonkho wa pa mafuta a galimoto, ku malaisensi, ku zipata zolipiritsa zimene zinayamba m'caka ca 2013, ku thumba la Boma, ndi kwa abwenzi a kunja. Miseu ikuluikulu ili m'manja mwa bungwe loyambalo, pamene makhonsolo anapatsidwa kusamala miseu ya kumidzi ndi ya m'tauni. Cifukwa cace munthu wokalipira khonsolo pa maenje a mu M12 ali ngati wofunsa mbuzi yace kwa munthu amene sanaibusepo. Ndipo wolembera ku Lusaka za kanjira kopita kusukulu ya kwao adzadikira nthawi yaitali, kalata yace ili kubwerera kumene inayenera kuyambira.

Palinso cinthu cina cimene cimasokoneza ambiri. M'caka ca 2018 boma lakale la Lundazi linagawidwa patatu: Lundazi, Chasefu ndi Lumezi. Anthu a kwa Magodi ndi kwa Phikamalaza ali ndi khonsolo yao ku Chasefu. A kwa Zumwanda, Chikomeni, Mwase Mphangwe ndi a kucigwa ali ndi yao ku Lumezi. A kwa Mwase, Mphamba ndi Kapichila ndiwo anatsala ku Lundazi. Miyendo inazolowera njira ya ku Boma lakale, kumene kuli msika ndi masitolo, koma kalata iyenera kupita ku khonsolo ya boma limene mseuwo ulimo.

Ndipo pali thumba limene lasintha nkhani yonse. Thumba la citukuko ca dera la phungu, limene anthu amalichula ndi zilembo zace kuti CDF, linayamba m'caka ca 1995 lili laling'ono. Kufikira m'caka ca 2021 dera lililonse linali kulandira K1.6 miliyoni, m'caka ca 2022 ndalamazo zinakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo m'caka ca 2025 zinafika K36.1 miliyoni. Ndalama zimenezi zimadzera ku khonsolo. Zina zimalipirira ana sukulu, zina zimakongozedwa ku magulu a amai ndi acinyamata, ndipo zina zimamanga zipinda za sukulu, zipatala, zitsime ndi maulalo. Makhonsolo ambiri anagulira momwemo makina opalira miseu, amene anthu amati giredala. Tsono funso la mseu wa kumudzi lili ndi pofikira pafupi, pamene munthu angafike ndi njinga.

A nyakwawa ndi mdzukulu wao

Wowerenga ayerekeze mudzi wina wa m'dziko limeneli, umene mseu wace unaduka padambo, ndipo malole analeka kufikako. A nyakwawa a mudziwo ali ndi mdzukulu amene anatsiriza sukulu, ndipo akhala pakhomo kudikira nchito. Tsiku lina amuitana nati, "Iwe mdzukulu wanga, tenga pepala. Uwalembere a khonsolo kuti ife atitaya ngati nyama za m'chire, kuti amatikumbuka pa masankho pokha, ndi kuti ndalama za mseu wathu anadya."

Mnyamata wosaganiza akadalemba zomwezo, nawonjezapo mau aatali a Cingerezi kuti aoneke wophunzira. Koma uyu akhala pansi, naomba m'manja, nati, "Ambuye, zimene mwanena ndamva. Koma akatifunsa kuti ndalama zimene tikuti anadyazo zinali zingati, ndipo zinaturuka liti, tidzayankha ciani?"

"Anthu onse amanena zimenezo," ayankha a nyakwawa.

"Inde Ambuye, amanena, koma palibe amene anaona. Bwanji tiyambe tafunsa? Akatiuza kuti ndalama zinaperekedwa, mlandu wathu udzakhala ndi miyendo. Akatiuza kuti sizinaperekedwe, tidzadziwa kuti coyamba ndi kupempha."

Nkhalamba yoweruza milandu imamva msanga mau otere, pakuti pabwalo la mfumu palibe amene amagamula asanamve mbali zonse. Motero awiriwo ayamba ndi nchito ya miyendo. Mnyamata ayenda mseu wonse pa njinga, nalemba pamene uyambira ndi pamene uthera, ndi maina a madambo ndi timitsinje, ndi malo amene aonongeka koposa. Nawerenga midzi, sukulu, cipatala ndi msika wa mbeu zimene zidalira mseuwo. Najambula zithunzi ndi lamya yace. Atatero apita kwa khansala wa wadi yao ndi kwa a komiti ya citukuko ca wadi, amene lamulo la makhonsolo la m'caka ca 2019 linawaika kukhala khomo loyamba la anthu a m'midzi. Kuwalumpha amenewa ndi kudzipangira adani pacabe, ndipo mwina iwo ali nalo kale theka la yankho.

Kalata yeniyeni ikhala ya tsamba limodzi, yolembedwa kwa Mlembi wa Khonsolo, amene ndiye mkulu wa anchito onse a pamenepo. Pamwamba pali tsiku, ndi dzina la mudzi, la mfumu ndi la wadi, ndi mutu wochula mseu ndi malire ace. Mizere itatu kapena inai ifotokoza bvuto, yopanda mwano ndi yopanda kukometsera. Pamenepo patsata mafunso, lililonse ndi nambala yace.

Loyamba: kodi mseu umenewu uli m'kaundula wa miseu, ndipo woyenera kuusamala ndi khonsolo kapena Road Development Agency?

Laciwiri: kodi uli m'ndondomeko ya nchito za caka cino? Ngati ulimo, anauikira ndalama zingati, zocokera m'thumba liti?

Lacitatu: ngati nchito inapatsidwa kwa kontilakita, dzina lace ndani, anapangana kucita ciani, ayenera kuyamba ndi kutsiriza liti, ndipo walandira kale zingati?

Lacinai: ngati khonsolo ili ndi giredala, kodi pali mndandanda woonetsa mmene adzayendera m'mawadi, ndipo wadi imeneyi ili pati?

Lacisanu: ngati mseuwu suli m'ndondomeko ya caka cino, anthu acite ciani, ndipo pasanafike tsiku liti, kuti ulowe m'ndondomeko ya caka camawa?

Funso lacisanuli ndilo loposa onse, cifukwa limasiya khomo lotsegula ngakhale mayankho ena onse atakhala okana. Pansi pace asaina a nyakwawa, ndi a komiti, ndi mphunzitsi wamkulu, ndi ena amene mseuwo uwakhudza, pakuti mutu umodzi susenza denga. Makope apita kwa khansala, kwa mfumu ndi ku ofesi ya phungu. Popeza nchito za Boma zimayenda m'Cingerezi, kalata ilembedwa m'Cingerezi cosabvuta. Koma isanacoke, mnyamata aiwerenga pabwalo m'cinenero ca pamudzi, Citumbuka kapena Cicewa, kuti munthu asasaine cimene sanamve.

Zimene zimacitikira kalata m'ofesi

Anthu ambiri amayesa kuti kalata ikalowa m'ofesi imagwera m'dzenje lopanda malire. Zoona zace nzakuti ili ndi njira yace. Kalaliki wolandira makalata amaidinda cidindo ca tsiku, nailemba m'kaundula, naiika m'faelo ya nkhani yace. Faelo ipita kwa Mlembi wa Khonsolo, amene amalembapo mau pang'ono kuilozera kwa mkulu woyang'anira zomangamanga. Ameneyu ndiye ali ndi mapu, ndi mndandanda wa miseu, ndi mapangano a makontilakita. Nkhani yofuna ndalama imapita ku komiti ya makhansala, ndipo pambuyo pace ku msonkhano wa khonsolo yonse.

Wodziwa njira imeneyi amamvetsa cifukwa cace makalata ena amayankhidwa ndipo ena sayankhidwa. Kalata yonena za mseu, ndi citsime, ndi aphunzitsi, ndi njobvu zoononga m'minda, zonse pamodzi, ilibe faelo yoilandira, ndipo mkulu aliyense amayesa kuti ndi ya mnzace. Kalata yonena kuti "mseu wathu" popanda dzina ndi malire imafuna kuti wina acoke pampando kukafufuza, ndipo imadikira tsiku limene adzapeza mpata. Kalata ya matemberero imayankhidwa ndi mau ozizira odzichinjiriza, ngati iyankhidwa konse. Uthenga wa pakamwa, ngakhale wonenedwa kwa bwana wamkulu pamsonkhano, ulibe faelo. Bwanayo akasamutsidwa, lonjezo limapita naye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Cifukwa cace mnyamata uja anyamula makope awiri. Apereka limodzi, nati kwa kalaliki, "Zikomo Amai, ndapempha mundidindire linali, kuti akulu a kumudzi aone kuti ndafikitsa." Kalaliki wabwino sakana zimenezi, ndipo mwina anena kuti, "Wacita bwino, mwana wanga. Lemba nambala iyi, ukadzabweranso udzaichule." Kope lodindidwalo ndi cuma ca mudzi. Lisungidwa m'nyumba ya a nyakwawa pamodzi ndi buku la mudzi, pakuti ndilo mboni ya tsiku limene funso linafunsidwa.

Ndi bwino kukumbukira kuti wokhala kuseri kwa thebulo ndi munthu, ndipo kawirikawiri nayenso ali ndi amai ace kumudzi wa mseu woipa. Sindiye amene amagawa ndalama, ndipo kumkalipira kuli ngati kumenya mthenga cifukwa ca uthenga. Ulemu sufooketsa funso. Komanso wofunsa asapereke kanthu kuti kalata yace iyende. Kudziwa za nchito ya ndalama za anthu ndi ufulu wace, ndipo wogula ufulu wace lero adzaugulanso mawa pa mtengo wokwera.

Lamulo liima ndi wofunsa

Nthawi yaitali kuyankha funso lotere kunali kukoma mtima kwa mwini ofesi. Maiko ena anathetsa nkhani imeneyi kalekale. Sweden anaika lamulo lotsegula makalata a Boma kwa anthu m'caka ca 1766. Ku Malawi lamulo lotere linayamba kugwira nchito m'caka ca 2020. M'Zambia linafika koyamba ku Nyumba ya Malamulo m'caka ca 2002, nilibwezedwa, ndipo anthu analidikira zaka zoposa 20, kufikira Mtsogoleri Hakainde Hichilema analisaina mwezi wa December 2023. Dzina lace ndi Access to Information Act, ndipo linayamba kugwira nchito m'caka ca 2024.

Lamulo limeneli linena kuti nzika ili ndi ufulu wa kupempha nkhani zimene maofesi a Boma asunga, ndipo makhonsolo ali m'gulu lomwelo. Linaika nthawi imene ofesi iyenera kuyankha, ndipo ofesi yokana iyenera kunena cifukwa cace. Zilipo nkhani zimene lamulo lilola kubisa, monga za citetezo ca dziko ndi za moyo wamseri wa munthu. Koma mtengo wa ulalo wa padambo si cinsinsi ca asilikali. Wofunsa amene akanidwa popanda cifukwa comveka, kapena amene sayankhidwa konse, angapite ndi dandaulo lace ku bungwe la Human Rights Commission, limene linapatsidwa kuyang'anira lamuloli. Kuonjeza apo, misonkhano ya khonsolo yonse imakhala yotsegukira anthu, ndipo munthu angakhale kumbuyo ndi kumva mmene khansala wace alankhulira za mseu wa kwao, kapena mmene akhalira cete.

Wanzeru sayamba ndi kuopseza ndi lamulo. Amalichula m'mzere umodzi kumapeto kwa kalata, nadikira. Mwezi ukatha popanda yankho, alembanso kalata yaifupi yokumbutsa, yochula tsiku ndi nambala ya yoyamba ija. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma kudekha kwa wofunsa kuli ndi kalendala.

Yankho likabwera

Yankho lingabwere mwa mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi phindu lace. Lingati, "Mseu umenewu si wa khonsolo." Pamenepo mudzi wadziwa khomo loyenera, ndipo ungapemphe khonsolo kuti itumize kalatayo ku ofesi ya Road Development Agency ya ku Chipata. Lingati, "Uli m'ndondomeko, ndipo kontilakita ndi wakuti." Pamenepo anthu asanduka maso a khonsolo. Injiniya wa ku Boma sangakhale pamseu tsiku lililonse, koma a m'mudzi alipo. Angaone ngati dothi lamiyala lathiridwa monga anapangana, ngati ngalande zakumbidwa, ngati mipope ya pansi pa mseu yaikidwa yonse, nanena nchito isanalipiridwe. Anthu a Lundazi ndi Chama adziwa kuti lonjezo ndi mseu si cinthu cimodzi: pamene ndondomeko ya Link Zambia 8000 inayamba m'caka ca 2012, ciyembekezo ca tara pakati pa maboma awiriwa cinali cacikulu, koma zaka zambiri zinapita anthu ali kuyendabe m'pfumbi ndi m'matope.

Yankho lacitatu ndilo lowawa: "Caka cino ndalama palibe." Ambiri akamva zimenezi amataya mtima nati kufunsa kunali kwacabe. Koma mudzi umene wadziwa zoona mwezi wa May uli patsogolo pa mudzi umene udzazindikira mwezi wa December, mvula ili pamutu. Caka ca ndalama za Boma cimayamba mwezi wa January, ndipo ndondomeko zace zimakonzedwa miyezi ya m'mbuyo mwace. Pempho la nchito ya CDF limayambira pamsonkhano wa anthu, nilidzera ku komiti ya wadi, nilifika ku komiti ya thumbalo, mmene mulinso woimira mafumu. Mudzi umene pempho lace lafika pa nthawi yace, lolembedwa bwino, lili ndi zithunzi ndi masaini, umakhala wobvuta kuuiwala. Miseu ndi yambiri ndipo giredala ndi mmodzi kapena awiri. Posankha, akulu amayamba ndi mseu umene uli ndi eni ace.

Palinso gawo limene silifuna kalata. Mdani wamkulu wa mseu wa dothi ndi madzi oyenda pakati pace. Ngalande yotsekeka ndi udzu, mpope wodzala mcenga, mizere ya munda yolimidwa kufika m'mphepete mwa mseu, ndi mtengo wa mphanda umene ng'ombe zimakoka pansi, zonsezi zimatsegulira madzi njira, ndipo mvula ziwiri zokha zimasandutsa kamkwasa kukhala cigwembe. Makolo anali kulambula miseu poopa mesenjala. Adzukulu ao angatsegule ngalande mwezi wa October cifukwa mseuwo ndi wao. Ndipo kalata yonena kuti, "Ife takumba ngalande ndi kuunjika miyala; cotsala ndi simenti ndi makina," imalemera m'dzanja la Mlembi wa Khonsolo kuposa makalata khumi a madandaulo.

Anyamata ndi asungwana ambiri amatsiriza sukulu caka ndi caka, nabwerera kumidzi ndi mtima wosweka, poganiza kuti maphunziro ao alibe nchito kufikira atalembedwa m'ofesi. Koma mudzi umene unagulitsa nshawa ndi mbuzi kuti mwana aphunzire uli ndi makalata ambiri osalembedwa. Wodziwa kuwerenga cikwangwani ca kontilakita, kulemba mafunso asanu omveka, kusunga kope lodindidwa, ndi kumasulira yankho pabwalo popanda kuonjeza kapena kucotsa, ali nayo kale nchito, ngakhale ilibe malipiro a pamwezi. Akulu adziwa mbiri ya mseu ndi ulemu wa pabwalo. Mwana wa sukulu adziwa pepala. Awiriwa akagwirizana, khonsolo imayamba kuudziwa mudzi ndi dzina lace, ndipo funso lotsatira, la citsime kapena la denga la sukulu, limakhala losabvuta kufunsa.